Madisiki 13 a m'sutikesi ya azakhali

Mwezi wathawu azakhali anga a ku Bangwe anandituma kuti ndiwafunire kalata ya malo m'sutikesi yawo yakale, ija imakhala pansi pa bedi. Kalatayo sindinaipeze msanga. Chomwe ndinayamba kugwira ndi mtolo wa timadisiki takuda, tokula ngati chikhatho, tomangidwa ndi mphira. Nditawerenga tinakwana 13, ndipo pa kalikonse panalembedwa kuti Microsoft Windows 95.

"Tasiya zimenezo iwe, ndi afiti amene anandidyera ntchito amenewo," anatero azakhali uku akuseka, koma kuseka kwake kosafika pamtima.

Ine chaka cha 1995 ndinali ndisanabadwe, ndiye kompyuta ndinaipeza ili kale momwe ililimu: kuyatsa, kudina, basi zatheka. Mawu a azakhaliwa ndi amene anandipatsa chidwi choti ndifufuze kuti chinthu chimenechi chinabwera bwanji.

Windows 95 isanatuluke, kompyuta sinali ya munthu wamba ayi. Zambiri zinkayendera pulogalamu yotchedwa DOS. Ukayatsa umangoona sikirini yakuda bii, kamzere kakuphethira pakona, kudikira kuti uilembere lamulo. Ukaphonya chilembo chimodzi, iyo kukana. Inalipo Windows 3.1 yokhala ndi zithunzi, komabe inkakwera pamsana pa DOS yemweyo. Ngakhale dzina la fayilo silinkaloledwa kupyola zilembo 8, osawerengera zitatu za kumapeto. Ndiye "kalata ya kwa abwana" inkasanduka KLTABWNA, ndipo pakatha miyezi itatu mwini wakeyo samakumbukanso kuti ankatanthauza chiyani.

Tsono Lachinayi pa 24 Ogasiti 1995, kampani ya Microsoft inakonza phwando la mtima bii kulikulu lake ku Redmond, m'boma la Washington ku America. Bill Gates anakwera pansanja limodzi ndi Jay Leno, katswiri wa nthabwala wa pa wailesi ya kanema. Anagula chilolezo chotsatsira malonda ndi nyimbo ya gulu la Rolling Stones yotchedwa Start Me Up, poti chodzitamandira chawo chachikulu chinali kabatani kolembedwa kuti Start. Ku New York nyumba yaitali ya Empire State Building inayatsidwa magetsi a mitundu ya Microsoft. Ku London analipira nyuzipepala ya The Times kuti tsiku limenelo igawidwe ulere. Tangoganizani, abale, kugula nyuzi yonse ya tsikulo kuti anthu angodziwa za katundu wako!

Ndipo anthu anadziwadi. Ena anaima pamzere pakati pa usiku kudikira kuti masitolo atsegule, ngati momwe timachitira kuno kukamveka kuti kwafika chimanga chotsika mtengo. M'masiku anayi okha anagulitsa makope 1 miliyoni, ndipo m'masabata asanu anafika 7 miliyoni.

Kodi chachilendo chinali chiyani? Kunena zoona, si zonse zinali zatsopano. A kampani ya Apple anali ndi mausi, zithunzi komanso bini yotayamo mafayilo pa Macintosh yawo kuyambira 1984, mwakuti tsikulo ankangoseka chamumtima. Ngakhale kanyimbo kaja kankalira Windows 95 ikamayaka, mwini wake Brian Eno anaulula kuti anakapangira pa Macintosh. Koma Macintosh inali yodula ndipo inkapangidwa ndi Apple, pamene Windows inkalowa m'makompyuta a makampani ambirimbiri, otsika mtengo ndi omwe. Ukadina Start umaona mapulogalamu onse ali ndondondo. Mzere wa m'munsi unkasonyeza zomwe watsegula. Fayilo ukaifufuta mwangozi umakaitola mu Recycle Bin. Dzina la fayilo linkatha kufika zilembo 255. Munthu yemwe sanapite ku sukulu ya kompyuta ankatha kuphunzira poyang'anira mnzake masana amodzi. Choseketsa n'chakuti ukafuna kuzimitsa, unkayenera kudina Start yemweyo.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Redmond ikukumana ndi azakhali anga. Iwowa anali taipisiti pa kampani ina ku Limbe kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Analipo amayi anayi m'chipinda chimodzi, aliyense ndi taipilaita yake. Kalata iliyonse, kaya ya abwana kaya ya kalaliki, inkadzera m'manja mwawo. Amataipa osayang'ana zala, ndi mapepala a kaboni awiri kumbuyo, ndipo akalakwitsa amapaka Tipp-Ex n'kuuzira kuti iume.

Akuti makompyuta anafika pa ofesi pawo cha m'ma 1997. Anabwera mnyamata wovala tayi, n'kukhala tsiku lathunthu akulowetsa timadisiki tija kamodzikamodzi. Amayi anayiwo anatumizidwa ku maphunziro a masabata awiri.

"Kiyibodi sinandivute, zilembo zake ndi zomwe zija," anandiuza azakhali. "Koma mausi, mwana wa achimwene iwe! Akuti dinani kawiri mofulumira. Ine ndikadina, kachithunzi kathawira uko. Kamnyamata kotiphunzitsako kumangoti, mayi, musachite kumenya, si taipilaita iyi."

Anaidziwa ndithu, ndipo poyamba anaikonda. Kunalibenso kaboni, kunalibenso kubwereza tsamba lonse chifukwa abwana asintha mawu amodzi. Sankadziwa kuti kuphweka komweko ndi kumene kuwachotse pampando. Nanga si zomwe zinawaphwekera iwo zinaphwekeranso wina aliyense? Makalaliki anayamba kudzilembera okha makalata, ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono ngati nkhuku ikutola chimanga, koma kalata n'kutuluka yoyera bwinobwino. Abwana nawo anafuna yawoyawo patebulo, ena mongofuna kuti alendo aziiona. Pofika 1999 m'chipinda muja munatsala mayi mmodzi. Azakhali analandira kalata yowathokoza chifukwa cha zaka zawo zonse, ndipo chomwe chimawawawa mpaka lero n'chakuti kalatayo inali ndi mawu awiri olakwika. Anailemba yekha mkulu woona za antchito.

Ine sindinganene kuti Bill Gates ndi amene anawachotsa ntchito. Makompyuta akanabwerabe, Windows 95 kaya ina. Koma ndikawerenga za magetsi a ku New York ndi nyuzi zaulere za ku London, sindipezamo yemwe anafunsa za amayi a m'zipinda ngati chija, ndipo kampani yawo sinaganize zowaphunzitsa ntchito ina yoposa kutaipa.

Microsoft nayo inakumana nazo. Itayamba kuphatikiza pulogalamu yake yotsegulira intaneti, Internet Explorer, mu Windows, kampani ya Netscape yomwe inali patsogolo pa malonda amenewo inayamba kufota. Mu 1998 boma la America linasumira Microsoft pa mlandu wopondereza anzake pa malonda. Mu 2000 woweruza Thomas Penfield Jackson analamula kuti kampaniyo igawidwe pawiri, koma khoti la apilo linathetsa lamulolo mu 2001. Kumapeto kwa chaka chomwecho Microsoft inasiya kusamalira Windows 95. Kabatani kaja kokha ndi komwe kanakanirira: atakachotsa mu Windows 8 mu 2012 anthu anakwiya zedi, mpaka anakabwezera chaka chotsatira.

Ndinawafunsa azakhali kuti nanga timadisikiti tinafika bwanji m'sutikesi mwawo. Akuti tsiku lotsanzika anatipeza titatayidwa m'bini ya kustolo, poti ofesi inali itagula zina zatsopano.

"Ndinati nafenso atitaya limodzi, tiyeni tizipita," anatero.

Lero amagulitsa zitenje mu msika wa Limbe, ndipo maoda amalandira pa WhatsApp. Mauthenga awo amalemba ndi chala chimodzi, koma simungapezemo chilembo cholakwika. Ndinawapempha kuti andipatse timadisikito ndikayese kwa mnzanga wokonza makompyuta, ngakhale iye akuti makina okhala ndi polowetsa timeneti anasiya kuwaona kalekale. Azakhali anakana. Anatimanganso ndi mphira uja, n'kundiuza kuti ndibwezere momwe ndinatipeza, ndipo ndifulumire ndi kalata ya malo chifukwa amfumu sadikira.