Galimoto Loyamba la Mwana Wathu

Chithiridwire phula mseu wa makilomita pafupifupi 100 wochokera ku Karonga kufika kuno ku Chitipa, ntchito imene dziko la China linayamba kuthandiza m'chaka cha 2008, magalimoto achuluka pa boma pano. Ambiri ndi oyendapo kale ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam naloŵa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Ana athu amene atenga kumene laisensi akuwasirira, ndipo ndalama zoguliramo zikuchokera kwa ife makolo: za khofi, za chimanga, mwina za ng'ombe.

Wachinyamata amayang'ana kunyezimira kwa utoto ndi kulira kwa wailesi. Ife tiyambe ndi kufunsa kumene galimotolo lidzayenda. Miseu yambiri ya kumidzi ya ku Misuku, Nthalire ndi Kameme njadothi, yokwera ndi yotsika, ndipo nthaŵi ya dzinja imaterera. Galimoto lapansipansi, lopangidwira miseu ya Tokyo, limagunda mimba pamiyala. Likawonongeka, zitsulo zake zidzapezeka kuti? Toyota Corolla kapena Probox silikongola kwenikweni, koma amakaniko athu amalidziŵa, ndipo zitsulo zake sizisoŵa ku Karonga, ku Mzuzu ngakhale ku Tunduma. Injini yaing'ono imamwa mafuta pang'ono, komanso siimuyesa mwana kuti athamange.

Tsiku lokawona galimoto titenge makaniko wathuwathu, osati mnzake wa wogulitsa. Ailize injini ili yozizira: utsi wobiriŵira usonyeza kuti ikutentha oyilo. Akwaŵire kunsi kukafuna dzimbiri ndi podontha. Nambala ya makilomita tisaikhulupirire msanga, pakuti alipo akatswiri oibweza m'mbuyo; chiwongolero ndi zopondera zoperepeseka zimanena zoona kuposa iyo.

Pa mabuleki ndi matayala pokha tisanyengerere, chifukwa m'zitunda za ku Misuku moyo wa mwana uli pamenepo. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala anayi: 2319 atanthauza sabata la 23 la chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano ake akuwoneka atsopano. Malamba onse azimangika bwino, a kumbuyo omwe. Nyale za ABS ndi airbag ziyake potsegula kiyi, kenaka zizime. Nyale yosayaka konse mwina wina anaichotsa dala kuti abise vuto.

Zatsala ndi zikalata. Nambala ya chesesi ifanane ndi yolembedwa m'buluu buku, msonkho wa MRA ukhale wolipiridwa, COF ndi inshuwalansi zikhale zosatha masiku. Galimoto lotsika mtengo modabwitsa, lobwera usiku panjira zachidule za m'malire, lingalandidwe ndi apolisi ndalama zathu nkupita nalo. Umwini ukasinthidwe ku ofesi ya Road Traffic wogulitsa ali pomwepo, ndalama yomaliza isanachoke m'manja mwathu.