Kacitsulo Kophunzitsira Ziweto

Alimi a m'midzi yozungulira Livingstone, kwa Mfumu Mukuni ndi kwa Mfumu Musokotwane, adziwa kuti mvula ya kuno ndi yocepa, ndipo wocedwa kulima mvula zoyamba zitagwa akolola pang'ono. Kawirikawiri cocedwetsa munthu si pulawo ai, koma bulu kapena ng'ombe yosaphunzira, imene ithawa goli cifukwa inalawa cikoti.

Kuli kacitsulo kolowa m'dzanja, kamene mukakakanikiza ndi cala cacikulu kalira kuti "kha!" Ambiri akayesa coseweretsa ana. Koma m'caka ca 1951 mphunzitsi wa ku America, B. F. Skinner, analemba kuti kakhoza kuphunzitsa galu. Nzeru yace ndi iyi: ciweto sicimva cinenero cathu, ndipo mphotho ikacedwa sicidziwa cimene calandirira. Kulira kwa kacitsulo nkwacidule, kumveka pa nthawi yomweyo, ndipo sikusintha monga asinthira mau a munthu wotopa kapena wokwiya.

Citani motere. Masiku oyamba lizani kamodzi ndi kupatsa ciweto gaga wodzaza dzanja msanga. Bwerezani kufikira cikamva "kha!" citembenukira kwa inu. Pamenepo yambani maphunziro. Cikaima du pamene muika cingwe pakhosi, lizani, cipatseni. Cikazolowera cingwe, bweretsani goli, poyamba kungocinunkhitsa. Mphindi zowerengeka pa tsiku zikwanira. Musalize osapatsa kanthu, pakuti mukatero kulirako kusanduka phokoso cabe. Cifukwa cace ana asakaseweretse pafupi ndi khola.

Wokayika amve za bwampini, yemwe uja atibera mtedza. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO liphunzitsa abwampini ndi kacitsulo komweka pamodzi ndi nthoci, kuti anunkhize mabomba okwiriridwa m'nthaka. Iwo anathandiza kuyeretsa minda ya ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lacotsa mabomba onse odziwika.

Simufunika kutaya ndalama. Cibvundikiro cacitsulo ca botolo la jamu, cokhala ndi kacotupa pakati, cilira bwino mukacikanikiza. Yambani mu August kapena September, nchito ya m'munda isanapanikize, kuti mitambo ya November ipeze ciweto citazolowera kale goli.