Woliza kodiyoni asamaweruke ndi ululu: malamba ndi kakhalidwe koyenera

Kumene magetsi sanafike, kapena akathima pakati pa mapemphero, kiyibodi imakhala cete koma kodiyoni imalirabe. N'cifukwa cake ili ndi malo ake m'makwaya a kuno ku Petauke ndi ku Nyimba, pa Sondo, paukwati ndi pamaliro. Koma pali vuto limene sitikambirana kawirikawiri. Woliza amaweruka khosi litauma, phewa likuwawa, zala zitacita dzanzi. Ena amapirira poyesa kuti ndiwo mtanda wa utumiki, kufikira tsiku lina aika kodiyoni m'bokosi osaitulutsanso, kwaya n'kutsala pamanja. Nthawi zambiri colakwika cimakhala malamba ndi mmene munthu wakhalira, ndipo zimenezi zimakonzeka popanda ndalama zambiri.

Dzina la coimbiraci linalembetsedwa ku Vienna mu 1829 ndi Cyrill Demian. Lero tili ndi mitundu iwiri yodziwika. Yamakiyi ngati a piyano, ikakhala yaikulu ya mabatani 120 kumanzere, imalemera makilogalamu 10 kapena kuposa. Yaing'ono yamabatani okhaokha, imene Angelezi amati melodeon, ikakhala ya mizere iwiri imakhala ndi mabatani 21 kumanja ndi 8 kumanzere, ndipo imalemera makilogalamu atatu kapena anayi. Pa yaing'onoyi batani limodzi limatulutsa mawu awiri, ena pokankha mvukuto, ena pokoka. Conco mvukuto umabwerera kawirikawiri, ndipo bokosi likakhala losakhazikika limagwedezeka, woliza n'kumalimbana nalo m'malo moimba.

Lamulo lalikulu nali: malamba ndi nchafu ndizo zinyamule kodiyoni, manja akhale oliza cabe.

Yambani mwakhala pansi. Sankhani mpando wolimba wopanda poika manja, kapena benchi, ndipo khalani cakutsogolo kwake. Mapazi onse awiri aponde pansi, maondo asakwere kuposa ciuno. Kampando kafupi ka pakhomo kamapinditsa msana. Wongolani msana, mapewa agwe mwa okha. Mbali ya kumanja ya bokosi, imene ili ndi mabatani a nyimbo, itsamire pa nchafu, koma mvukuto ukhale m'malere kuti usakhulike pa buluku kapena citenje, cifukwa m'makona mwake ndimo umayambira kubooka.

Kenako konzani malamba a m'mapewa. Ngakhale kodiyoni yaing'ono imalizika ndi lamba mmodzi, malamba awiri amagawa kulemera mofanana. Wa kumanzere akhale wamfupi pang'ono kuposa wa kumanja, kuti mabatani a nyimbo abwere ca pakati pa cifuwa, pansi pa cibwano, dzanja lamanja liwafikire mosapindika. Sunthani bowo limodzi pa nthawi imodzi, imbani ndime imodzi, muone. Muyeso wake ndi uwu: cotsani manja onse awiri. Bokosi likapendekeka kapena kutsika, malamba ndi aatali. Mukalephera kupuma mokoka mpweya, mwamangitsa. Malamba akamaterereka pamapewa, alumikizeni kumbuyo ndi kalamba kopingasa. Lamba wopyapyala amadya phewa, ndiye wosoka nsapato kumsika angathe kukusokerani wotambalala ndi kuikamo nsalu yofewa.

Lamba wa dzanja lamanzere ndiye amagwira nchito yaikulu, pakuti ndiye amakoka mvukuto. Adutse kumbuyo kwa dzanja, pafupi ndi polumikizira dzanja ndi mkono. Akakhwepa, dzanja limamenya bokosi nthawi zonse pobwerera ndipo nyimbo imadukaduka. Akathina, magazi sayenda bwino ndipo zala zimacita dzanzi. Akhale wogwira, koma cala cacikulu cifikire batani la mpweya mosavuta. Mphamvu yokoka icokere mu mkono wonse, ndipo musatambasule mvukuto mpaka kumapeto. Batani la mpweya lilipo kuti muubweze musanafike patali.

Kumanja, cigongono citalikire pang'ono ku nthiti, kuti mkono ndi dzanja zikhale mzere umodzi. Makodiyoni ena ali ndi kalamba kolowetsamo cala cacikulu. Ngati muli ndi malamba awiri a m'mapewa, simufunikira kukadalira, ingotsamiritsani calaco m'mphepete. Pewaninso kuweramitsa mutu kufunafuna mabatani. Zala ziphunzire njira, maso akhale pa wotsogolera kwaya.

Poliza coimirira kapena poyenda pa mdipiti, nchafu sithandizanso, conco fupikitsani malamba pang'ono, tangadzani miyendo ndipo musakankhire mimba kutsogolo. Pa mcezo wa pamaliro, vulani kodiyoni pakapita mphindi 20 kapena 30, tambasulani mapewa ndi zala, mpingo uimbeko ndi mawu okha. Dzanzi kapena ululu ukapitirira masiku angapo, pitani kucipatala, musayembekeze kuti dzanja lifooke.

Samaliraninso coimbiraco. Timalilime ta citsulo timene timatulutsa mawu m'katimo timamatidwa ndi phula, ndipo kutentha kwa mu Okutobala, makamaka ca ku cigwa ca Luangwa, kungalifewetse. Musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Yang'anani malamba ndi tizitsulo tomangirapo musanayambe, pakuti lamba wouma amaduka mosacenjeza.

Akulu a mpingo ndi atsogoleri a makwaya, nkhaniyi ikukhudza inunso. Kodiyoni ya mpingo ikamagwiritsidwa ndi anthu angapo, aliyense adziwe mabowo ake pa lamba. Mwana wa zaka 12 asapatsidwe malamba omangidwira bambo wamkulu, ndipo ngati n'kotheka ayambire pa yaing'ono. Phunzitsani oliza awiri kapena atatu kuti azilandirana, popeza mutu umodzi susenza denga. Buku la 1 Mbiri 25:7 limatiuza kuti oimba ophunzitsidwa a m'nyumba ya Yehova anali 288, ndipo anagawidwa m'magulu 24. Salimo 33:3 limafuna luso pa zoimbira, ndipo luso limayambira pa kudziwa kunyamula. Tisamale abale ndi alongo amene amatitsogolera m'nyimbo, kuti atumikire zaka zambiri ali ndi thanzi.