KAMBA WA PA ULENDO WA NJINGA

Mvula ikatha ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, anyamata ndi atsikana a m'maparishi mwathu ayamba kupangana za maulendo. Ena afuna kukacheza ndi anzawo a ku mishoni ina. Ena afuna kupalasa njinga mtunda wautali kuti apemphere ndalama zomangira tchalitchi kapena zothandizira odwala. Zimenezi ndi zabwino, ndipo ife tikondwera nazo. Koma pa misonkhano yokonza maulendo otere, mawu ambiri athera pa njinga, pa malaya ofanana ndi pa tsiku lonyamuka. Za chakudya zikambidwa potsiriza, anthu atatopa kale, ndipo wina angoti, “Tidzaona m'njira momwemo.” Mawu amenewo ndiwo abweza anthu ambiri panjira, ndipo nthawi zina agoneka mwana wa munthu m'chipatala. Chifukwa chake mwezi uno tifuna kukamba nanu za kamba wa pa ulendo.

Msewu wa kwathu kuno

Tiyambe taona chimene dziko lathu lamapiri lifuna kwa wopalasa njinga. Wochokera ku Lilongwe kudza ku boma la Dedza ayenda makilomita pafupifupi 85, ndipo m'njiramo akwera mamita ngati 500, pakuti Lilongwe ali pa mamita 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene boma la Dedza lili pafupi ndi mamita 1,600. Zitunda zolemetsa zimdikira chakumapeto, miyendo itafooka kale. Wopitirira kumwera, kudzera pa mphambano ya ku Bembeke ndi pa Lizulu kunka ku Ntcheu, ayenda m'malire a Mozambique, pamtunda poyera. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi akumana ndi chisanu cha m'mawa ndi mphepo ya mwera yomuwomba kumaso.

Wofuna kupita ku Mua apatuka pa Masasa, natsika Khwekhwelere kufikira ku Golomoti. Pamenepo atsika mamita pafupifupi 1,000: anyamuka atavala juzi, nafika kunsi thukuta lili kamukamu. Kutsika ndi kokoma, malinga mabuleki agwira. Koma amene watsika ayenera kudzakweranso, ndipo pa chitunda chimenecho ndipo padziwika amene adadya m'mawa ndi amene adanyamuka ndi njala.

Ulendo wochokera ku Cairo

Pali anthu amene nkhani iyi adaiphunzira bwino, ndipo adadutsa m'dziko lathu lomwe lino. M'chaka cha 2003 bambo Henry Gold a ku Canada, pamodzi ndi anzawo, adayambitsa ulendo wotchedwa Tour d'Afrique. Anthu 33 adanyamuka pa njinga ku Cairo, m'dziko la Egypt, kunka ku Cape Town, ku South Africa: mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000, woyenda masiku 120. M'zaka zotsatira ulendowo unkachitika kawirikawiri. Kuno ankalowa kuchokera ku Tanzania, nadzera ku Karonga, napumula ku Chitimba m'mbali mwa nyanja, nakwera phiri la Chiweta kunka ku Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe. Pomwepo ankakhotera ku Mchinji kupita ku Chipata. Ku Dedza sankafika, koma makonzedwe awo ali ndi phunziro kwa ife.

Tsiku lawo linkayenda motere. Ankadzuka kusanache, napinda mahema awo, naika katundu m'lole. Ophika adali atauka kale, ndipo aliyense ankabwera ndi mbale yake ndi kapu yake kudzalandira phala, buledi, nthochi ndi tiyi. Dzuwa potuluka adali ali pamsewu, ndipo pa tsiku ankapalasa makilomita ngati 120. Lole ina inkatsogola kukaima pakati pa ulendo wa tsikulo, ndi chakudya chamasana ndi madzi. Pa mphambano iliyonse yosokoneza, otsogola ankamanga timalamba towala pa mtengo kuti asasochere munthu. Pambuyo pa onse pankabwera wantchito mmodzi pa njinga, amene sankaloledwa kupitirira ngakhale wofooka wotsiriza. Adalinso ndi wachipatala ndi wokonza njinga.

Pofika pogona, wopalasa aliyense ankapeza mphika waukulu wa supu wotentha, wamchere bwino. Madzulo mtsogoleri ankasonkhanitsa onse, nalemba pa bolodi njira ya mawa, zitunda zake ndi pamene lole ya chakudya ikaime. Atatha ndipo ankadya chakudya chachikulu.

Amene adayenda ulendowo akasimba nkhani zake, achulutsa mawu pa za m'mimba koposa pa za mapiri ndi nyanja zimene adaona. Asimba za njala yosatha, yoti munthu adya mbale ziwiri naonda ndithu. Za phala lomwelomwelo m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi. Za chimwemwe choima pa kagolosale ka m'mudzi kumwa chakumwa chozizira. Ndi za masiku opumula, pamene khitchini inkatsekedwa ndipo iwo ankayendayenda m'tauni kufuna chakudya kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Asimbanso za kutsekula m'mimba, kumene kunkakweza m'lole ngakhale anthu amphamvu zedi. Chifukwa cha icho lamulo losamba m'manja munthu asanafike pa mphika lidali lolimba. Taonani tsono: anthu a njinga zodula chotere, chimene chinkawafikitsa ku Cape Town chidali khama la ophika, la oyendetsa malole ndi la otunga madzi.

Maulendo a Abambo akale

Ife a kuno tili nacho chitsanzo china cha pafupi. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsekula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, ndi ya Bembeke m'chaka cha 1910. Poyamba ankayenda pansi kapena pa machila. Pambuyo pake njinga idakhala bwenzi lawo poyendera masukulu a m'midzi. Maulendo amenewo adali okonzedwa mosamala. Mphunzitsi wa kumudzi ankadziwa tsiku lofika Bambo. Amtengatenga ankatsogola ndi bokosi la Misa ndi zofunda. Ndipo Akhristu a pamudzipo ankasonkha ufa, nyemba, mazira kapena nkhuku.

Padali chinthu chimodzi cholemetsa chimene achinyamata a lero sachidziwa. Kufikira chaka cha 1953, lamulo la Eklezia lidali lakuti wofuna kuchita Misa kapena kulandira Ukaristia asadye kanthu kapena kumwa, ngakhale madzi, kuyambira pakati pa usiku. Wansembe amene adali ndi mtunda wopalasa asanafike pa guwa ankaupalasa kukhosi kuli gwa. Ndipo makolo athu amene ankayenda pansi kuchokera kutali kudzalandira ankapirira chimodzimodzi. Papa Pius XII adalola madzi mu 1953, nachepetsa kusala kukhala maola 3 mu 1957. Papa Paul VI adakufikitsa pa ola limodzi mu 1964. Eklezia, monga mayi, adaona kuti thupi la munthu wa paulendo lili ndi malire. Tsono mnyamata amene lero anyamuka wosadya, nayesa kuti aonetsa mphamvu kapena chikhulupiriro, adzisenzetsa mtolo umene Eklezia yemwe adautula.

Chimene thupi lifuna

Odziwa za thupi atiphunzitsa kuti minofu ndi chiwindi zisunga shuga wokwanira ntchito yolimba ya maola ngati awiri okha. Shugayo akatha, miyendo ilemera mwadzidzidzi, manja anjenjemera, m'maso muchita mdima, ndipo munthu wofatsa ayamba kukalipa popanda chifukwa. Wotere ali pangozi, makamaka pamsewu waukulu wa M1 pamene malole ndi mabasi athamanga. Mankhwala ake ndi kudya pang'onopang'ono ola lililonse, njala isanamveke. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Thukuta lichotsa madzi pamodzi ndi mchere. Wopalasa afuna madzi ngati theka la lita pa ola, ndi oposa pamenepo kunsi kotentha kwa Golomoti ndi Mtakataka. Kumtunda kozizira kuli msampha wina, pakuti mphepo iumitsa thukuta ndipo munthu samva ludzu, chikhalirecho madzi ali kutha m'thupi. Wina akafooka, mpatseni Thanzi wosungunula monga mwa malangizo a pa paketi. Ngati palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo amwe pang'onopang'ono. Akapanda kutsitsimuka, muthamangire naye kuchipatala.

Mawu kwa okonza ulendo

Choyamba, sankhani munthu wa chakudya tsiku lomwe musankha mtsogoleri, ndipo ndalama za kamba zipatulidwe zisanagulidwe zina zonse. Powerengera ufa ndi ndiwo, wopalasa mmodzi mumuyese anthu awiri.

Chachiwiri, anthu awiri ayambe ayenda njira yonse ulendo usanachitike, naone pamene pali mijigo, misika, zipatala ndi malo ogona. Dziko la Dedza ndi Ntcheu ndi lodala pa ichi, pakuti pa mphambano ya ku Bembeke ndi pa Lizulu mupeza mbatatesi, kabichi, tomato, nyemba ndi nsawawa zochuluka. Koma pakati pa msika ndi msika pali mitunda yopanda kanthu, ndipo njala sidikira msika.

Chachitatu, m'mawa adye phala lansinjiro lothira shuga, ndi mbatata yophika. M'thumba aliyense akhale ndi nthochi, mtedza wokazinga, chikondamoyo kapena zitumbuwa. Masana adye mopepuka, pakuti nsima yambiri ndi tchipisi cha pachiwaya zikhalitsa m'mimba, ndipo munthu akwera nazo chitunda movutika. Nsima yaikulu, ya nyemba ndi masamba, idikire madzulo. Thobwa ndi labwino ngati mudziwa madzi amene adaphikira. Mowa ndi kachasu zisayandikire ulendo.

Chachinayi, samalani madzi. Tonse tikumbukira kolera amene adabuka mu Marichi 2022 napitirira mu 2023, napha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, asungidwe m'zigubu zotseka, ndipo pafupi ndi mphika pakhale sopo ndi madzi osamba m'manja othira ndi kapu. Kusambira m'beseni limodzi anthu 20 ndiko kugawana matenda.

Chachisanu, galimoto kapena njinga yamoto yonyamula madzi, chakudya ndi mankhwala itsagane nanu. Mukhale pampu, machubu, zigamba, guluu, masipoko ndi tcheni chapadera, ndi munthu wodziwa kuzimanga. Mabuleki onse ayesedwe musanatsike Khwekhwelere. Dziwitsani apolisi a pamsewu za ulendo wanu, nyamukani kutangocha, ndipo dzuwa lisakulowereni muli pamsewu.

Chachisanu ndi chimodzi, ndicho chachikulu: munthu wamphamvu ndi woleza mtima ayende pambuyo pa onse. Gulu lisayambe kudya wotsiriza asanawerengedwe, ndipo gawo lake lisungidwe lovundikira. Pa maulendo osakonzeka bwino, othamanga afika msanga namaliza mphika, ndipo wofooka, amene afuna chakudya koposa onse, apeza mbale zotsuka kale. Pakati pa Akhristu chotere chisamveke.

Kwa amayi ndi eni mudzi

Inu amayi a m'mabungwe a mpingo, amene mudzauka usiku kusonkha moto kuti ana a eni adye, dziwani kuti ntchito yanu ndi theka la ulendo wonse, ngakhale dzina lanu silidzatchulidwa pa tsiku lolandira apaulendo. Mlendo ndi mame, atero akuluakulu. Mchitireni chifundo lero, pakuti mawa wapita.

Koma inunso apaulendo, musasandutse chifundo cha anthu kukhala msonkho. Tumizani uthenga kwa Bambo Mfumu ndi kwa akuluakulu a mphakati masabata angapo musanafike, munene chiwerengero chanu chenicheni, ndipo mubwere ndi ufa wanu, shuga, mchere ndi ndalama ya nkhuni. Musakonze ulendo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zili pululu, chifukwa mayi wachikhristu adzachita manyazi kukukanizani, nadzakupatsani chimene adasungira ana ake. Mukatha kudya tsukani miphika, sesani pamene mudagona, ndipo mukatsazike mwaulemu.

M'Malembo Oyera timva za mneneri Eliya, amene adagona pansi pa mtengo m'chipululu atataya mtima. Mulungu adamtumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, namdyetsa kawiri, asanamyendetse ulendo wa masiku 40 kunka ku phiri la Horebu. Ngati Mwini moyo adayamba ndi kudyetsa mtumiki wake, ifenso tisachite manyazi kuyamba ndi mphika pokonza maulendo athu. Inu makolo, mwana wanu akadzapempha chilolezo chopita nawo, mufunseni kumene akadye, kumene akamwe, kumene akagone, ndi dzina la amene adzayenda pambuyo pake. Akayankha bwino mafunso anayi amenewa, mpatseni kamba, mumdalitse, apite. Kristofa Woyera, nkhoswe ya apaulendo, awapempherere onse, ndipo Mulungu awabweze kwawo ali amoyo.