Chitenje cha Pamimba ndi Minofu Yosaoneka

Mayi akachira ku Mayani, apongozi kapena amayi ake sadikira kuuzidwa chochita. Amatereka madzi, kumuthowa msana ndi mimba, kenako n'kumumanga chitenje kuti mimba ibwerere. Azaumoyo nawo ali ndi langizo lawo, lomwe silinayende malonda ngati chitenjecho: kufinya minofu ya pansi pa chiuno. Zonse ziwiri zimafunira mayi zabwino, koma chilichonse chili ndi pake pomwe chimagwira.

Minofu imeneyi ili ngati pansi pa dengu. Inayalidwa kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa fupa lakumapeto kwa msana, ndipo ndiyo imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo la chimbudzi. Imasenza mwana miyezi 9, ndipo tsiku lobadwa imatamuka koopsa kuti iye adutse. N'chifukwa chake pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse amadontha mkodzo m'miyezi yoyambirira, makamaka akaseka, akayetsemula kapena akatsokomola. Kuno kumapiri a Dedza, kumene chisanu cha June ndi July chimabwera ndi chifuwa, kuwonjezera utsi wa m'khitchini, kutsokomola sikusowa.

Chitenje tisachinyoze. Chimafunditsa, chimagwira mimba yomwe yangotsala lende, ndipo amayi ambiri amamva kupepuka podzuka pamphasa kapena poyenda. Sichilira sukulu, ndipo chimabwera ndi manja a munthu amene amakukonda. Vuto lake n'lakuti chimagwira m'mbali mwa dengu, pomwe pofooka ndi pansi. Chikathina kwambiri chimakankhira za m'mimba kumunsi, pa minofu yotopa ija. Finyani jumbo ya madzi pakati, muone kumene madziwo athamangire. Komanso mnofu sulimba chifukwa chomangidwa. Umalimba ukamagwira ntchito.

Apa ndi pamene kufinya kumapambana. Dokotala wa ku America, Arnold Kegel, analemba za njirayi mu 1948, ndipo mpaka lero ndiyo imene madokotala amayambira asanaganize za opaleshoni. Mayi agone chagada, mawondo atapinda, akokere mkati ndi m'mwamba ngati akuletsa mpweya woipa ndi mkodzo nthawi imodzi. Agwire kwa masekondi atatu kapena asanu, osasiya kupuma, osaumitsa matako kapena ntchafu, kenako amasule kotheratu. Achite kasanu ndi katatu kapena kakhumi, katatu pa tsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka azifika masekondi 10. Akazolowera angachite atakhala kapena ataimirira. Asazolowere kudukiza mkodzo ali m'chimbudzi poyeserera, chifukwa chikhodzodzo chimafunika kukhuthula zonse. Amene anasokedwa kapena anachira ndi opaleshoni ayambe wafunsa anamwino.

Koma njirayi nayo ili ndi popunthwira. Chitenje chimaonetsa ntchito yake tsiku lomwelo. Kufinya kumafuna miyezi itatu kapena kuposerapo osalumphitsa. Chitenje chikamasuka aliyense amaona. Mayi akaleka kufinya palibe amadziwa. Ena amafinya molakwika, kukankhira pansi m'malo mokokera m'mwamba. Ndipo nkhani ya kumusi si yokamba pamjigo. Chothandiza n'kukulumikiza ku ntchito yomwe siiwalika: mwana akagwira bere, mayi ayambe kuwerenga.

Pali amene amati mayi wa kumudzi safuna masewero olimbitsa thupi, poti khasu ndi munsi zimamukwanira. Zoonadi manja ndi msana zimalimba. Koma ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo mphamvu yoikwezera pamutu imatsikira pansi pomwepo. Thumba la mbatatesi lochokera kudimba ndiye osanena. Agogo athu anaona patali poika mayi m'chikuta kuti apume, kungoti amatulukamo mchombo wa mwana ukagwa, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, minofu isanabwerere. Pobwerera ku ntchito, luso lake n'kufinya kaye musanasenze, musanatsokomole, musananyamule mwana wamkulu.

Palinso malire amene chitenje ndi kufinya zimagonjera limodzi. Mkodzo ukamangotuluka usana ndi usiku osaleka, makamaka pamene matenda anatenga nthawi yaitali mwana asanabadwe, ikhoza kukhala fistula, kabowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Kameneko kamafuna kusokedwa, ndipo ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira amayi otere. Womva ngati china chake chikulendewera kumusi, kapena amene chimbudzi chikumupulumuka, apitenso kuchipatala. Tsiku la katemera wa mwana wa masabata 6 ndi mpata wabwino: mwana akakwera sikelo, mayi anene zakenso.

Tikaziika pamodzi, chitenje n'cha masiku oyamba, chotonthoza. Kufinya n'kwa miyezi, ndipo ndiko kumafika pa gwero la vuto. Chimene chitenje chili nacho, chomwe kufinya kumasowa, ndi munthu wokumbutsa. Apongozi omwe amabwera m'mawa ndi madzi otentha aja azimanga mosathinitsa, moti dzanja lizilowa, ndipo pomaliza mfundo azifunsa motsitsa mawu: “Nanga zamkati zija, mwafinya lero?”