Manja a Renoir

M'chaka cha 1915, nkhondo yaikulu ili mkati, munthu wa ku France dzina lake Sacha Guitry anatenga makina a zithunzi zoyenda, nakajambula amisiri okalamba a dziko lake asanatsikire kuli chete. Kanemayo, amene anali wopanda mawu, anamutcha Ceux de chez nous, ndiko kunena anthu akwathu.

M'menemo tiona Pierre-Auguste Renoir, mmisiri wa zithunzi za utoto, wa zaka 74, ali chikhalire pampando, pakuti miyendo idamkana kale. Nyamakazi idapinda zala zake zonse. Ambiri poona nsalu za m'manjamo ayesa kuti burashi adachita kummangirira. Iyayi, nsaluzo zinali zotchinjiriza khungu lingasupuke. Womuikira burashi pakati pa zala ndiye mwana wake wotsiriza, Claude, wosafika zaka 15. Chaka chomwecho mkazi wake Aline anamwalira, ana ake aakulu awiri atavulazidwa kunkhondo. Koma nkhalambayo ipaka utoto, nisuta fodya, nicheza.

Degas anakana kujambulidwa. Anachita kumjambula mobisa pamsewu wa Paris, maso ake ali pafupi kufa, ndipo ife sitiyamika mchitidwe wotere. Renoir anagwirabe ntchito kufikira anamwalira ku Cagnes pa 3 Disembala 1919.