Tcheni cha Njinga ndi Chitunda cha Ku Chawe

Aliyense amene anaonapo anthu akutsika phiri la Zomba ndi nkhuni pa njinga, kapena akabaza akunyamula anthu kuchokera kumsika kupita ku Chinamwali ndi ku Matawale, adziwa kuti njinga ndiyo idyetsa mabanja ambiri m'tauni imeneyi, imene inali likulu la dziko kufikira 1975. Koma ndi owerengeka amene asamala tcheni, chingakhale mphamvu yonse ya mwendo wa wopalasa idzera m'menemo. Tcheni chotha chibisa matenda ake pachidikha, koma pokwera kulinga ku Ku Chawe, pamene munthu aponda pedulo ndi thupi lonse, chidumpha mano kapena kuduka kumene.

Chimene chitalikitsa tcheni ndicho kudyeka kwa timisomali take, makamaka fumbi likasakanizika ndi oyilo. Kuchokera pa kamsomali kamodzi kufika pa kotsatira pali theka la inchi, kotero kuti mipata 24 iyenera kukwana mainchesi 12. Ikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, nthawi yogula china yakwana.

Pogula, nyamulani chakalecho, pakuti safunsa anadya phula. Njinga zopanda magiya, zonga Humber ndi Hero, zifuna tcheni chachikulu, cha 1/8 ya inchi m'kati mwake, pamene za magiya zifuna chopyapyala, cholingana ndi kuchuluka kwa magiya akumbuyo. Ndipo pano mpamene ambiri ataya ndalama: ngati chakale chinatalika ndi mamilimita atatu, mano a filiwilo nawo anadyeka nasongoka, ndipo kuikapo tcheni chatsopano kuli ngati kuthira vinyo watsopano m'matumba akale, pakuti chidzadumpha ndi kutha msanga. Nkwabwino kupirira mtengo wake ndi kusintha zonse ziwiri tsiku limodzi.

Poika, werengani mfundo za chakale ndi kudula chatsopano pa chiwerengero chomwecho, osati poyerekeza kutalika. Kachitsulo kotsekera tcheni kaikidwe mbali yake yotseka italoza kumene tcheni chiyendera, kuti kangasololoke panjira. Pa njinga yopanda magiya, kokerani gudumu m'mbuyo kufikira tcheni chitagwedera pafupifupi theka la inchi chabe, gudumu lili pakati bwino, ndipo mumange manati. Potsiriza donthezani oyilo pa mfundo iliyonse ndi kupukuta wotsala ndi kansanza; girizi wambiri aitana mchenga.